Abale awiri, jeke imodzi

9 Malichi

Amayi,

Landirani moni wa mzime wanu, uja munkati sadzapindula kanthu poti anathawa sukulu. Miyendo ija ikuti bwanji? Ine ndili bwino, achimwene alinso bwino, angonenepa khosi. Alamu, ndikudziwa kuti mukuwawerengera amayi ndinu, ndiye moni kwa inu ndi ana. Muziwerenga zonse, osadumpha pamene ndanena amuna anu.

Ntchito ndayamba. Achimwene anandilankhulira pa galaja ya matayala pomwe iwo agwira zaka zonsezi. Galimoto ikalowa timaikweza pa jeke, kumasula manati ndi mfuti ya mpweya, kuchotsa wilo, kusintha tayala, kubwezera. Mfutiyo imalira ngati galu wopondedwa mchira, ndipo pofika madzulo dzanja limanjenjemera lokha, moti tiyi ndimamwa theka, theka linalo amamwa ndi malaya. Timagona atatu chipinda chimodzi: ine, achimwene ndi bambo wina wosoka zovala, a Telala. Zenera lathu limayang'ana khoma la eni ake, ndiye kunja kukacha timachita kumva kwa anthu.

Abwana athu timawatcha a Wotchi. Munthuyu anapenga ndi mpikisano wa magalimoto. Osati magalimoto mukuwadziwa inu, Amayi. Awa ndi afupi ngati mphasa, dalaivala amachita kugonamo, mawilo ali panja, ndipo amangozungulira msewu umodzimodzi mpaka wina apambane. Mudzati ndi misala, kuwotcha mafuta osapita kulikonse. Inenso ndinatero tsiku loyamba. Pano musandiyambe.

Lamulungu la mpikisano abwana amayatsa TV ya m'galaja, tonse n'kukhala pa matayala akutha. Timu yachikasu ili ndi madalaivala awiri. Wina ndi wachikulire, zikho zadzaza kabati, timamutcha Mdala. Winayo ndi mnyamata wamwano woti ndevu sanayambe kumeta, timamutcha Kamwana. Wanga ndi Kamwana. Achimwene, mwadziwa kale, ali kwa Mdala. Akuti Mdala amasamala matayala ndipo amadziwa kudikira. Ndinawauza kuti kudikira ndi ntchito ya mlonda, osati dalaivala.

Pamene pamandithera nzeru ndi posintha matayala. Galimoto imaima, chigulu cha anthu n'kuiunjirira, usanaphethire kawiri mawilo onse anayi asinthidwa, yapita. Ntchito yake ndi yathu yomweyi, kungoti iwo amavala zisoti ndipo nkhomaliro yawo si mkate wouma.

Tatumiza kangachepe ndi dalaivala wa basi amene wabweretsa kalatayi. Zangazo mugule lata mutseke pamene pamadontha paja. Asakunyengeni ndi lakale lopaka penti.

Ndine mzime wanu.

13 Epulo

Amayi,

Moni nonse. Dalaivala wa basi wandiuza kuti lata munagula koma wokhoma anakhoma mopendeka. Ndikabwera ndidzakhoma ndekha, lidzapendekere mbali inayo, zifanane. Ine ndili bwino kupatula kachifuwa ka fumbi la matayala. Alamu, mwana wanu wamkulu uja mumuuze asatengere bambo ake aang'ono pa nkhani ya sukulu.

Masiku ano tikaweruka timaonera filimu ina pa foni ya a Telala. Si sewero ayi, ndi madalaivala enieniwo, kamera imangowatsatira kuseri: podyera, mu ndege, pokangana ndi mabwana awo. Foniyo timaitsamiritsa pa ketulo, mitu itatu pamodzi ngati tiana ta galu pa bere. Mmenemo ndi momwe ndaonera kuti Mdala ndi Kamwana samwerana madzi. Kamwana akamalankhula amationetsa Mdala akuyang'ana kumbali, nkhope ngati watafuna mankhwala a malungo. A Telala akuti zonsezo ndi zosoka. Akuti iwo moyo wawo wonse ndi sizasi ndi singano, msoko akauona amaudziwa: munthu anakwinya nkhope Lachiwiri chifukwa cha dzino, ojambula n'kudula n'kukasokerera pa mawu amene mnzake ananena Lachisanu. Ndinawafunsa kuti kamera ilibe lilime, iname bwanji? Anangoti ndikule kaye. Achimwene filimuyo imawanyansa pa chifukwa china. Akuti osintha matayala safunsidwa kanthu, amangoonetsedwa misana.

Kuntchito a Wotchi ayamba kutiyeza nthawi. Galimoto ikangolowa ali kumbuyo kwathu, chala pa foni. Ine ndimamaliza wilo achimwene akadali pa nati yachitatu. Si kudzitama, Amayi, manjawa munabereka nokha.

Pali nkhani ina. Abwana aitanitsa makina okweza galimoto yonse kamodzi. Akuti akafika, pamalo pathupa pakhala munthu mmodzi, osati awiri. Ananenera pamaso pathu uku akusenda lalanje. Achimwene anati ndisalembe, koma ndalemba kale ndipo pepala lina ndilibe. Makinawo akuchokera kutali, mwina sitima imira nawo.

Phewa lawo lamanja limawavutako m'mawa. Amavala malaya pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa munthu. Alamu musadandaule, akupaka mankhwala onunkha moti udzudzu unasamuka m'chipinda.

Sopo wakwera, lendi akuti ikwera mwezi wamawa. Zimene tatumiza zachepa, musatinene kwa aneba.

Mzime wanu.

18 Meyi

Amayi ake a munthu wotchuka,

Khalani pansi kaye. Mwana wanu ali pa kanema. Moyo uli bwino, chifuwa chinatha, ndikukhulupirira inunso muli bwino ndi alamu ndi ana.

Abwana ali ndi mwana wa mlongo wawo, mnyamata woyenda ndi kamera pakhosi ngati ng'ombe ya belu. Timamutcha Jambulani. Amuuza kuti azijambula ntchito yathu n'kumaika pa intaneti, galaja itchuke ngati filimu ija. Atigulira maovololo achikasu. Kumsana kwa yanga analemba Kamwana, kwa achimwene analemba Mdala. Achimwene anaiyang'ana nthawi yaitali asanaivale. Ine ndinavala pomwepo n'kuzungulira galaja yonse ngati tambala.

Makasitomala ayamba kufika akufunsa kuti Kamwana ndi uti. Mayi wina anabweretsa galimoto yabwinobwino, kungofuna andione ndikuvina ndi mfuti. Abwana anamugulitsa matayala awiri asanazindikire.

Lamulungu lapitali kunali mpikisano woti mukanauona. Kamwana anali patsogolo, Mdala pambuyo pake. A timu anamuuza Kamwana pa wailesi ya m'chisoti kuti apatuke Mdala adutse, poti Mdala ndi amene akufunika mapointi a chikho. Kamwana anayankha kuti wailesi sikumveka bwino, n'kuponda moto mpaka kumapeto. Ine ndinapezeka ndili pamwamba pa mulu wa matayala. Abwana anandigwira chanza, akuti mpikisano ndi umenewo, wothamanga apambane, zaulemu akachitire kwawo. A Telala, amene amabwera kudzaonera nafe, akuti mwanayo sanaleredwe. Galaja yonse inagawikana, wokonza mabuleki anatsala pang'ono kugwirana malaya ndi mlonda. Wina akuti timu ndiyo imalipira mafuta, wina akuti anthu salipira kudzaona munthu akupatuka.

Achimwene sanakweze mawu. Anangoti, "Amene anamupezera malo mu timu imeneyo ndi Mdala yemweyo." Ndinawayankha kuti ndiye Mdala analakwitsa yekha, ukaweta kambuku usamadabwe mbuzi zikamatha. Anthu anaseka mpaka kutsokomola. Iwo ananyamuka kukasamba m'manja, manja ali oyera kale.

Dzulo Jambulani anandikhazika pa tayala n'kumandifunsa mafunso ngati dalaivala weniweni. Ndinalankhula zambiri, mukundidziwa. Vidiyoyo ikatuluka alamu akaipeze pa foni ya mwana wa aneba, muonere nonse.

Makina aja sanafike. Achimwene mbali yamanja sakugoneranso. Mbuzi yaikazi ija musagulitse, zivute zitani, ndalama ya mankhwala anu ili m'katimu.

Kamwana wanu.

8 Juni

Amayi,

Moni. Tili moyo. Dalaivala wa basi wandiuza kuti vidiyo ija mwaiona, ndiponso kuti alamu anatuluka m'nyumba isanathe. Mawu anu wandiuzanso. Ndawamva.

Ndiloleni ndifotokoze. Jambulani anandifunsa kuti pakati pa ine ndi achimwene wachangu ndani. Ndinati achimwene ndi fulu, akamamasula wilo mutha kupita kukameta n'kubwerera, nthawi yawo inatha. Zimenezo ndinanenadi, ndikuseka. Koma sindinathere pamenepo. Ndinati fulu ameneyu ndi amene anandiphunzitsa kugwira mfuti, ndipo wilo lomanga iwo silinabwererepo ndi dandaulo, pomwe anga abwererapo. Mbali imeneyo mu vidiyo mulibe. M'malo mwake anaikamo achimwene tayala likuwapulumuka m'manja, kubwerezabwereza, ndi kanyimbo koseketsa. Tsiku limenelo phewa linali litawagwira. Tayalalo ndinakawatolera ndine, koma pamenepo anadula.

Ndinamupeza Jambulani kuseri kwa galaja. Akuti vidiyo yaitali anthu saonera, ndipo imeneyi yaonedwa kuposa zonse. Abwana akuti ndikulira chiyani poti ndatchuka. A Telala sananene kuti ndinakuuza. Bola akananena.

Achimwene sanandikalipire. Akanandipatsa mbama bwenzi zitatha. Amadzuka, kuwiritsa tiyi wa anthu atatu monga kale, kundiikira kapu yanga, osandiyang'ana. Popita kuntchito amayenda patsogolo, ine pambuyo. Dzana pa siteji ya basi anyamata ena anawazindikira n'kuyamba kukuwa kuti fulu, fulu. Ndinafuna kuwathamangitsa, achimwene anangondigwira ovololo osacheuka.

Filimu ija tasiya kuonera. A Telala akuti foni yawo yayamba kutha batire msanga.

Alamu, pepani. Munandipeza pakhomopo ndili ndi mamina, pakamwa panga mukupadziwa. Sindinaganize kuti zidzafika kwa ana.

Mzime wanu.

20 Julayi

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndamva kuti kamtsikana ka achimwene kanadwala m'mimba, kachira? Ife tikudzuka.

Sitima sinamire. Makina afika, mizati iwiri yabuluu, ukadina batani galimoto imakwera yokha mpaka kupitirira mutu. Mwana wa sukulu atha kugwira ntchito pamenepo akudya chingamu.

A Wotchi atiuza mmene asankhire. Akuti iwo sakondera, wotchi ndiyo inene. Loweruka loyamba la mwezi wamawa aika magalimoto awiri ofanana pabwalo la galaja, aliyense jeke yakale ndi mfuti yake, mawilo anayi. Aitana makasitomala, kukhala nyimbo, Jambulani ajambula. Womaliza msanga atsala pa ntchito. Winayo aone msewu. Ananena akumwetulira, ngati akutiitanira ku ukwati.

Ine ndaganiza, Amayi, musaseke, nthawi zina ndimaganiza. Ndilibe mkazi, ndilibe mwana, katundu wanga yense amakwana mu jumbo. Achimwene ali ndi ana atatu ndi inu. Ndiye pa wilo lachitatu ndigwetsa nati, igubuduke ilowe pansi pa galimoto, ndiyambe kuifunafuna chokwawa. Anthu aseka, abwana akonda, zatha. Ine ndikapeza kotsuka magalimoto, madzi sandiopsa.

Ndinangouza a Telala okha. Kaya anaulula ndi iwo, kaya achimwene anawerenga pankhope panga, sindikudziwa. Lachinayi tikubwerera achimwene anaima pakona ya sitolo ya nsapato n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chitulukireni vidiyo ija.

Anati, "Ndamva ukufuna kundipatukira. Anthu onse aja aone kuti fulu wachita kupatsidwa? Ine sindipempha kanthu kwa mwana amene ndinkamusambitsa. Uthamange."

Ndinayesa kuseka, ndinati wailesi sikumveka bwino, achimwene. Sanaseke.

Mipikisano ya pa TV ikupitirira. A timu yachikasu alengeza kuti Mdala chaka chino ndi chomaliza. M'galaja ambiri akuti zakhala bwino, wadya zokwanira, apatse ana mpata. Abwana akuti timu si nyumba ya okalamba. Anandiyang'ana kuti ndiwonjezere, poti ndimawonjezera, koma ndinali ndikumanga chingwe cha nsapato. Lamulungu Mdala anamaliza kumbuyo kwenikweni. Anavula chisoti, imvi zili nyowe ndi thukuta, n'kuyamba kugwira chanza osintha matayala mmodzimmodzi. Asanafike pa wachitatu kamera inathamangira kwa Kamwana akuwaza anzake chakumwa.

Mapiritsi a ululu achimwene akumwa awiriawiri. Alamu, mukamalankhula nawo pa foni musatchule, akwiya ndi ine.

Mutipempherere, koma osati mokweza, aneba angamve.

Mzime wanu.

10 Ogasiti

Amayi,

Tili moyo tonse. Achimwene anapita kuchipatala, abwerako, mkono uli pa nsalu yokoleka m'khosi. Akudya. Zina ndilemba mutu ukakhala m'malo. Vidiyo yatsopano ikatuluka musaonere, ndipo ana asapite kwa aneba kukaonera. Za mwezi uno zili m'katimu, n'zanga ndekha.

Mzime.

24 Ogasiti

Amayi,

Moni kwa inu, kwa alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino. Alamu, kalata iyi muwerenge pang'onopang'ono, ndipo ana atuluke kaye.

Tsiku lija kunadzaza anthu mpaka pamsewu. Abwana anabwera ndi mbendera ya mabokosi akuda ndi oyera ngati ya pa TV. Ine ndinalowa ndi nzeru yanga ija, nati ya pa wilo lachitatu, ngakhale achimwene anandiletsa. Ndinati akwiye, bola ntchito ikhale yawo.

Mbendera itatsika anthu anayamba kukuwa Kamwana, Kamwana, mfuti ikulira m'manja, kamera ili pamphuno panga. Amayi, mutu unachoka. Nati ija sindinaigwetse. Sindinaikumbukire n'komwe. Ndinathamanga kuposa tsiku lina lililonse chibwerereni kuno, ndipo palibe chimene ndinalakwitsa. Ndinkafuna kupambana. Ndalemba choncho kuti mudziwe mwana amene munabereka.

Ndili pa wilo lomaliza, manati awiri atatsala, ndinamva jeke ya achimwene ikutsika. Nditacheuka ndinawaona ataimirira, mfuti ili kumanzere, mkono wamanja ukulendewera ngati wa malaya opachika pa msomali. A Telala, amene anali pafupi nawo, akuti phewa linalira pa wilo lachitatu, ndipo lomaliza anakweza ndi bondo n'kumanga ndi dzanja limodzi. Achimwene anandipambana. Anthu anaomba m'manja, ngakhale anyamata a pa siteji aja. Achimwene anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndinathamangadi. Ndinati eya. Anagwedeza mutu, kenako anakhala pansi pa simenti.

Lolemba abwana anatiitana mu ofesi. Akuti wotchi ndi wotchi koma bizinesi ndi bizinesi. Munthu wa mkono umodzi sangagwire matayala, ndipo makasitomala amabwera kudzafuna Kamwana. Anawapatsa achimwene envelopu n'kuwauza kuti ovololo atha kutenga, ikhale chikumbutso. Ndinawakumbutsa mawu awo oti wothamanga apambane. Anati ngakhale pa TV timu ndiyo imasankha wotsala. Vidiyo inatuluka Lachitatu. Mmenemo jeke imene ikutsika koyamba ndi yanga, ndipo kuomba m'manja kuja akuombera ine.

Lolemba lija, mu ofesi momwemo, ndinavula ovololo n'kuiponya pansi, nditatsala ndi kabudula, kulunjika kuchipata. Achimwene ananditsekereza ndi dzanja lamanzere.

Anati, "Tola uvale. Tikachoka tonse, ana anga adya vidiyo?"

Ndinatola. Ndikuvala mpaka lero. Jambulani akati vina ndi mfuti, ndimavina. Lamulungu abwana akayatsa TV ndimakhala nawo, Kamwana akapambana amandimenya pamsana, ine n'kuonetsa mano. Alamu, mwezi uliwonse muzilandira kuchokera kwa ine, fizi ya wamkulu uja isakusowetseni tulo. Mowa ndausiya, ndinali ndisanauzolowere, ndiye palibe chimene ndataya.

Adokotala akuti phewalo likufuna miyezi yambiri osanyamula kanthu, ndipo mwina silidzabwerera mwakale. Kuno munthu wosagwira ntchito bedi lake limawerengedwa. Achimwene akwera basi Lachisanu likubwerali. Anandiuza ndilembe kuti akubwera ku tchuthi. Akafika akanena choncho, muvomere.

Anthu kumeneko aonera vidiyoyo, tiletse tisaletse, ndipo azinena. Muwauze kuti mzime wanu, uja sanavomerepo kugonja ngakhale pa mpira wa mapepala, akuti anagonja atathamanga ndi mphamvu zake zonse. Akafuna adzandifunse ndekha.

Alamu, Loweruka m'mawa mukakhale pa depoti ndi mwana wamkulu uja. Chikwama chawo ndi cholemera, ndachiyesa, ndipo iwo sanena. Mukangochinyamula musanawapatse moni.

Ndine mzime wanu.